Chipale chofewa ku Joni, ng'amba ku Kasungu: kodi mvula ikusintha motani?

Pa 10 Julaye 2023 mafoni ambiri kuno ku Kasungu adalandira zithunzi zofanana. Abale athu a ku Joni ankatumiza pa WhatsApp timakanema ta tinthu toyera tikugwa pang'onopang'ono ngati thonje, magalimoto atayera pamwamba, ana akutola ndi manja. Kunkagwa chipale chofewa mumzinda wa Johannesburg, koyamba chigwereni mu 2012. Madzulo a tsikulo ndidali pa Santhe, ndipo bambo wina wachikulire ataonera kanemayo pafoni ya mdzukulu wake adafunsa kuti, "Nanga a pawailesi aja amati dziko likutentha, izi zikugwa bwanji?"

Patangopita miyezi isanu ndi iwiri, mu Febuluwale 2024, mvula idadula. Chimanga m'minda yambiri ya m'chigawo chapakati ndi chakummwera chidapota masamba chitangoyamba kumasula ngayaye, ndipo mu Malichi Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, adalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 agwa m'ngozi. Koma kumapeto kwa Febuluwale yemweyo mtsinje wa Dwangwa, womwe umayambira kwathu kuno, udasefukira ku Nkhotakota n'kugwetsa nyumba. Kuzizira, chilala ndi madzi osefukira m'miyezi yochepa chabe. Funso la bambo uja silidali lachibwana, ndipo kuliyankha kumafuna kuti tiyende pang'onopang'ono.

Za lero ndi za zaka makumi atatu

Chichewa chili ndi mawu amodzi, nyengo, pa zinthu ziwiri zosiyana. Pali nyengo ya lero, yomwe timaimva pawailesi kuti mawa kugwa mvula kapena kuomba mwera. Palinso khalidwe la nyengo ya dera, lomwe limadziwika pokhapokha mutasonkhanitsa zaka zambiri. Bungwe loona zanyengo padziko lonse la WMO lidakhazikitsa kuti khalidweli liziwerengedwa pa zaka 30, ndipo muyeso womwe ukugwira ntchito pano ndi wa 1991 mpaka 2020.

Mlimi wa fodya amazidziwa bwino izi. Belo limodzi likagulidwa pamtengo wabwino ku Chinkhoma sindiye kuti msika wa chaka chimenecho ndi wabwino, ndipo chaka chimodzi chabwino sichikuuzani ngati ulimi wa fodya ukukwera kapena ukutsika. Muyenera kutulutsa mapepala a zaka zambiri n'kuwaika pamodzi. Tsiku la chipale ku Joni lidali belo limodzi. Mapepala onse akaikidwa pamodzi amasonyeza kuti pakati pa 2011 ndi 2020 dziko lapansi lidali lotentha ndi pafupifupi madigiri 1.1 kuposa momwe lidalili pakati pa 1850 ndi 1900, monga lidanenera gulu la akatswiri ofufuza za kusintha kwa nyengo la IPCC mu 2021. Chaka cha 2024 chidaposa zaka zonse zomwe zidayezedwapo. Gwero lalikulu la kutenthaku ndi mpweya wa kaboni wochokera ku malasha, mafuta ndi kuotcha nkhalango, womwe umasunga kutentha mumlengalenga. Zisanayambe ntchito za mafakitale mpweyawu udali magawo 280 pa miliyoni, mu 1958 pomwe adayamba kuuyeza mosadukiza paphiri la Mauna Loa ku Hawaii udali pafupifupi 315, ndipo lero wapyola 420.

Chipale chofewa si matalala

Ambirife sitidachigwirepo, choncho tiyambe ndi dzina. Omasulira Baibulo akale adagwiritsa ntchito mawu oti matalala, chifukwa ndiwo adali pafupi, koma ndi zinthu zosiyana. Matalala ndi timiyala ta madzi oundana tomwe timagwa ndi mvula ya mabingu m'nyengo yotentha, tija timaboola masamba a fodya. Chisanu chomwe chimayeretsa udzu m'mawa ku Nyika kapena m'madambo ena mu Juni ndi Julaye ndi chinanso, chimaundana pansi pomwepo, sichigwa kumwamba. Chipale chofewa ndi nthunzi ya madzi yomwe imaundana mumtambo momwemo kukhala tizidutswa topepuka, n'kugwa osasungunuka chifukwa mpweya wonse mpaka pansi ndi wozizira. Tinganene kuti ndi mvula ya kumaiko ozizira. Chifukwa chodzala mpweya, chipale chatsopano chokuya masentimita 10 chikasungunuka chimapereka madzi okwana pafupifupi sentimita imodzi yokha.

Chomwe chimachipatsa ulemu si maonekedwe ake. Mvula ikagwa imathamanga tsiku lomwelo. Chipale chikagwa paphiri chimakhala pomwepo miyezi itatu, inayi, isanu, kenako chimasungunuka pang'onopang'ono nyengo yotentha ikafika, nthawi yomwe alimi a kuchigwa akufuna madzi. Ndi nkhokwe ya madzi. Mitsinje ya Indus, Ganges ndi Brahmaputra ku Asia imalandira gawo la madzi ake kuchokera ku chipale ndi madzi oundana a m'mapiri a Himalaya ndi oyandikana nawo. Ku California, ku America, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a madzi omwe anthu amagwiritsa ntchito limachokera ku chipale cha m'mapiri a Sierra Nevada. Ngakhale kuno kummwera kwa Africa, mapiri a Lesotho amalandira chipale m'nyengo yozizira, ndipo madamu a m'dzikolo ndiwo amathandiza kumwetsa Joni.

Ife nkhokwe yotereyi tili nayo, dzina lake ndi dambo. Madambo a Bua, Rusa ndi Lingadzi amamwa mvula ya Januwale ndi Febuluwale, n'kumaitulutsa pang'onopang'ono mpaka Seputembala, ndipo ndi chifukwa chake dimba limatheka m'chilimwe. Mukamva kuti chipale chikuchepa kwinakwake, ganizirani za dambo lomwe kale linkafika Okutobala lili lonyowa koma tsopano likuuma mu Julaye. Nkhawa ya mlimi wa ku Pakistan, wodalira mtsinje wa Indus uja, ndi yomweyo.

Zomwe masetilaiti aona kuyambira 1966

Kuyeza chipale padziko lonse kudayamba bwino cha m'ma 1966, pomwe masetilaiti a bungwe la America loona zanyengo adayamba kujambula chigawo chakumpoto cha dziko lapansi sabata ndi sabata. Mbiri imeneyi imasungidwa ndi akatswiri a pa yunivesite ya Rutgers. Mu Januwale chipale chimakuta malo okwana pafupifupi masikweya kilomita 46 miliyoni, kuposa kukula kwa Africa yense. Pofika Ogasiti chimatsala pang'ono, makamaka ku Greenland.

Apa ndi pomwe nkhani imafuna kumvetsera bwino. Pakati pa nyengo yozizira, kukula kwa malo okutidwa ndi chipale sikudasinthe kwambiri. Kusintha kwakukulu kuli kumapeto kwa nyengoyo. Lipoti la IPCC la 2013 lidapeza kuti pakati pa 1967 ndi 2012 malo okutidwa ndi chipale mu Malichi ndi Epulo ankachepa ndi 1.6 peresenti pa zaka khumi zilizonse, pomwe mu Juni ankachepa ndi 11.7 peresenti. Chipale chikubwerabe, koma chikuchoka msanga. M'malo otsika, zomwe kale zinkagwa ngati chipale tsopano nthawi zambiri zikugwa ngati mvula wamba. Madziwo afika ndithu, koma alibe posungidwa, amatsika phiri nthawi yomweyo.

Kusungunuka msanga kumadzikolezera kokha. Aliyense wokhala m'nyumba ya malata amadziwa kuti malata atsopano owala satentha ngati akale adzimbiri. Chipale chatsopano chimabweza kumwamba magawo 80 kapena kuposerapo pa magawo 100 a kuwala kwa dzuwa, pomwe nthaka yakuda imameza pafupifupi konse. Chipale chikachoka msanga nthaka imatentha msanga, ndipo kutenthako kumasungunula chotsalacho. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe kumpoto kwenikweni kwa dziko, ku Arctic, kukutenthera mofulumira kuposa kwina konse.

Koma si ponse pomwe pakuchepa, ndipo zaka sizifanana. M'madera ozizira koopsa, monga mbali zina za Siberia ndi Antarctica, kutentha pang'ono kumabweretsa chinyezi chambiri pomwe kuzizira kukadali kokwanira, ndiye chipale chimagwa chochuluka. Ku Sierra Nevada, pa 1 Epulo 2015 chipale chidali magawo 5 okha pa magawo 100 a mlingo wake wa nthawi zonse. Mu 2023 chidaposa kuwirikiza kawiri mlingowo. Amene angatenge chaka chimodzi mwa ziwirizi angathe kunena chilichonse chomwe akufuna.

Phiri la kwa anansi athu

Chipale chapafupi nafe chomwe chimakhala chaka chonse chili ku Tanzania, pamwamba pa Kilimanjaro, phiri lotalika mamita 5,895. Sapitwa wathu ku Mulanje ndi wa mamita 3,002, safika kutalika kofunikako. Mu 1848 mmishonale wa ku Germany Johannes Rebmann adalemba kuti waona phiri loyera pamwamba pafupi ndi pakati pa dziko, ndipo akatswiri ena ku London adakana kuti n'zosatheka, ngakhale Achagga okhala m'tsinde mwa phirilo ankaliona tsiku ndi tsiku.

Pamwambapo pali zinthu ziwiri: chipale cha nyengo chomwe chimagwa n'kutha, ndi madzi oundana olimba omwe adapangika chipale chitaunjikana n'kupanikizana kwa zaka mazanamazana. Mapu oyamba a madzi oundanawa ndi a 1912. Pofika 2007, pafupifupi magawo 85 pa magawo 100 adali atatha. Mu 2022 bungwe la UNESCO lidachenjeza kuti madzi oundana otsala pa Kilimanjaro ndi pa Mount Kenya akhoza kutheratu pofika 2050. A ku mapiri a Rwenzori, pamalire a Uganda ndi Congo, nawonso akuchepa.

Kuti akutha palibe amatsutsa. Pa chifukwa chake ndi pomwe akatswiri adasiyana. Ena amaloza kutentha kwa dziko. Ena amati pamwamba penipeni mpweya ukadali wozizira moti madzi oundana sangasungunuke mosavuta, ndipo chomwe chachitika n'choti kuyambira cha m'ma 1880 kum'mawa kwa Africa kudauma, mitambo idachepa, chipale chobwezeretsa chidachepa, ndipo dzuwa likumadya madzi oundanawo kukhala nthunzi osadutsa kusungunuka, monga chovala chimaumira pachingwe tsiku lozizira lamphepo. Ambiri tsopano amaona kuti zifukwa ziwirizi zimalumikizana, popeza chinyezi chofika paphirilo chimadalira kutentha kwa nyanja ya Indian Ocean. Ndimaikonda nkhani ya phirili chifukwa imatibwezera ku funso la chinyezi, lomwe ndi funso lathu lomwe.

Momwe chipale chidatsogolera ku El Niño

Pali ulusi wina wakale womangiriza chipale ndi mvula ya alimi. Itachitika njala yoopsa ku India mu 1877 ndi 1878 mvula italephera, mkulu wa zanyengo kumeneko, Henry Blanford, adayamba kufufuza chizindikiro chomwe chingachenjeze anthu nthawi ikadalipo. Mu 1884 adalemba kuti chipale chikachuluka ku Himalaya n'kuchedwa kusungunuka, mvula ya dzinja lotsatira imafooka. Ganizo lake lidali lomveka: mvula ya ku India imabwera nthaka ikatentha kwambiri n'kukoka mphepo yachinyezi kuchokera kunyanja, ndiye nthaka yokutidwa ndi chipale imachedwa kutentha, mphepo n'kuchedwanso. Adayamba kulosera mvula pogwiritsa ntchito chizindikirochi. Zaka zina zinkatheka, zina ayi.

Gilbert Walker, yemwe adatenga udindo wotsogolera zanyengo ku India mu 1904, adaona kuti chipale chokha sichikwanira. Adasonkhanitsa mabuku a zanyengo a m'maiko ambiri, ndipo m'zaka za m'ma 1920 adapeza kuti kulemera kwa mpweya kum'mawa ndi kumadzulo kwa nyanja ya Pacific kumasinthana, uku kukakwera uko kumatsika. Mu 1969 Jacob Bjerknes adasonyeza kuti kusinthanaku kumayendera limodzi ndi kutentha kwa madzi a m'nyanjayo kufupi ndi Peru, komwe asodzi adali atakutcha kale El Niño, kutanthauza mwana wamwamuna, chifukwa kunkafika nthawi ya Khirisimasi. Madziwo akazizira kuposa nthawi zonse ndiye La Niña.

Dzina lomwe lero agogo akumudzi amalitchula pokamba za njala lidafika kwa ife kudzera m'njira imeneyi. El Niño amabwera pakatha zaka ziwiri mpaka zisanu ndi ziwiri, ndipo adalipo kalekale mafakitale asanabwere. Si iye kusintha kwa nyengo. Ali ngati funde, pomwe kusintha kwa nyengo kuli ngati kukwera kwa nyanja yonse. Funde lomwelo limafika patali pamene nyanja yadzadza.

Mvula ya ku Kasungu imachokera kuti

Mvula yathu yambiri imabwera ndi lamba wa mitambo yemwe amapangika pomwe mphepo zochokera kumpoto ndi kummwera kwa dziko zimakumana. Lambayu amatsata dzuwa. Amatsikira kwathu cha mu Novembala ndi Disembala, n'kubwerera kumpoto cha mu Malichi ndi Epulo. Palinso mpweya wachinyezi wochokera ku nkhalango za Congo, womwe a zanyengo amautchula kawirikawiri pawailesi, ndipo umalowa m'dziko muno kudzera ku Zambia, kotero Mchinji ndi Kasungu ali pakhomo pake. Chachitatu ndi anamondwe ochokera ku Indian Ocean. Amenewa amamenya kwambiri kummwera, monga Idai mu 2019, Ana ndi Gombe mu 2022, ndi Freddy mu Malichi 2023, yemwe adakhala masiku 36 panyanja ndi pamtunda n'kupha anthu oposa 600 m'Malawi muno, ena mazanamazana osapezeka. Namondwe akakhala kummwera nthawi zina amakokera chinyezi kwa iye, kuno n'kukhala dzuwa lokhalokha.

Malawi ali pamalire a zigawo ziwiri za mvula. Chaka cha El Niño, kummwera kwa Africa, monga Zimbabwe, kummwera kwa Zambia ndi chigawo chathu chakummwera, kumakonda kuuma, pomwe kum'mawa kwa Africa, monga Kenya ndi kumpoto kwa Tanzania, kumagwa mvula yambiri. Karonga ndi Chitipa nthawi zambiri amatsatira kum'mawa, Nsanje ndi Balaka amatsatira kummwera. Kasungu ali pakati, ndipo malirewo sakhala pamalo amodzi chaka ndi chaka. N'chifukwa chake ulosi wa dzinja womwe nthambi yoona zanyengo imatulutsa cha mu Seputembala, akatswiri a maiko a SADC atakumana monga akhala akuchitira kuyambira 1997, umavuta kwambiri kwa ife. Chaka chimodzi chomwecho a ku Nkhamenya akhoza kukolola pomwe a ku Santhe akulira.

Kuchuluka kwa mvula ndi kagwedwe kake

Apa ndiye pamtima pa nkhaniyi. Mvula imayezedwa m'mamilimita. Milimita imodzi ndi lita imodzi ya madzi pa sikweya mita imodzi, kapena malita 10,000 pa hekitala, omwe ndi zidebe 500 za malita 20. Chigwa cha Kasungu ndi Mchinji chimalandira mamilimita apakati pa 800 ndi 1,000 pachaka, Mchinji n'kumaposako pang'ono. Amenewa ndi madzi okwanira chimanga, mtedza, soya ndi fodya, ngati agwa m'nthawi yake.

Akuluakulu akumudzi amati mvula idasintha. Amakumbukira chizimalupsa cha mu Okutobala chozimitsa moto wa m'tchire, kubzala mu Novembala, mvumbi wa masiku atatu wolowa m'nthaka mwakachetechete. Koma akatswiri ataphatikiza mamilimita a chaka chonse m'dziko muno kuyambira 1960 mpaka 2006, sadapeze kukwera kapena kutsika koonekeratu, chifukwa kusiyana kwa chaka ndi chaka n'kwakukulu moti kumabisa china chilichonse. Chomwe adapeza mosakayika ndi kutentha: dziko lathu lidatentha ndi madigiri 0.9 m'zaka zimenezo. Ena amatenga zimenezi ngati umboni woti akuluakulu akungokumbukira molakwa. Ine sindiona choncho. Agogo sawerenga mamilimita a chaka chonse, amawerenga tsiku lomwe adabzala, kangati adabwereza kubzala, ndi masiku angati chimanga chidakhala chopanda dontho chili ndi ngayaye. Onse awiri akhoza kukhala akunena zoona.

Ganizirani mwana yemwe mwamuphikira ufa wa mwezi wonse m'masiku asanu, masiku otsalawo osamupatsa kanthu. Thumba latha ndithu, koma mwanayo sadadye mwezi wonse. Mamilimita 900 ogwa m'mikuntho yochepa yamphamvu, pakati pake ng'amba ya masabata atatu, si ofanana ndi mamilimita 900 ogwa mwa apo ndi apo kwa miyezi inayi. Yamphamvuyo imadula mizere, imakokolola feteleza, imathamangira ku Bua isanalowe pansi. Ng'amba ikagwa pomwe chimanga chikumasula ndi kubereka, mvula yobwera pambuyo pake sibwezeretsa zomwe zatayika.

Kutentha kumalowa m'nkhaniyi m'njira ziwiri, ndipo zonse n'zodziwika bwino m'sayansi. Yoyamba, mpweya wotentha umanyamula nthunzi yambiri, pafupifupi 7 peresenti yoonjezera pa digiri iliyonse. Uli ngati chidebe chachikulu: chimatenga nthawi kudzadza, koma chikakhuthuka chimakhuthula zambiri. Yachiwiri, mpweya womwewo umayamwa madzi ambiri m'nthaka ndi m'masamba. Ng'amba ya masiku khumi lero imaumitsa munda kuposa ng'amba ya masiku khumi ya mu 1970, ngakhale choyezera mvula chitasonyeza zofanana. Nazale ya fodya imafuna kuthirira kwambiri, chitsime cha padimba chimaphwa msanga. Ndi chifukwa chake chilala ndi kusefukira kwa madzi zingathe kukula limodzi, osatsutsana. Lipoti la IPCC la 2021, pokamba za chigawo cha kummwera chakum'mawa kwa Africa chomwe Malawi alimo, lidanena kuti mvula yamphamvu ikuonjezeka ndipo kuuma kwa nthaka ya ulimi kukuonjezekanso.

Mukaika izi pambali pa nkhani ya chipale muona kuti zikufanana. Kumapiri a kumpoto madzi akugwabe, koma nkhokwe yake ikutseguka msanga. Kuno madzi akugwabe, koma akubwera mothinana ndipo akuchoka msanga.

Tisaiwale kuti chilala si chachilendo. Njala ya 1949 idachitika mpweya wa kaboni usanachuluke ngati lero. Cha m'ma 1915 nyanja ya Malawi idatsika mpaka Shire adasiya kutuluka m'nyanjamo kwa zaka pafupifupi 20, kenako idakwera kufika pachimake mu 1980, n'kukweranso kwambiri mu 2024 mpaka kumiza malo ogona alendo ku Mangochi. Nyanja ya Chilwa idauma mu 1968 ndi mu 1995. Chilala cha 1992 amachikumbukira aliyense wamkulu. Ndipo njala ya 2002, yomwe idazunza Kasungu koopsa, idabwera pambuyo pa dzinja lomwe m'madera ambiri vuto lidali madzi ochuluka m'minda, kuphatikizapo kusowa kwa chimanga pamsika. Mvula si yokha yomwe imabweretsa njala.

Nanga mitengo?

Kuno ambiri amati mvula idathawa chifukwa tidadula mitengo, makamaka m'zaka zomwe maesiteti a fodya adachuluka kuyambira m'ma 1970, pomwe nkhuni zoumitsira fodya ndi milimo ya zigafa zidamaliza nkhalango zambiri. Mbali ina ya mawuwa ndi yotsimikizika. Malo opanda mitengo amatentha kwambiri, madzi amathamanga pamwamba osalowa pansi, mitsinje imadzadza mchenga, dambo limauma msanga. Nkhalango zazikulu ngati za Congo zimabwezeranso mumlengalenga gawo lalikulu la mvula yomwe zalandira, ndipo chinyezi chimenecho chimayenda ndi mphepo kukagwa kwina. Koma lamba wa mvula ndi El Niño amayendetsedwa ndi nyanja zikuluzikulu, ndipo sasintha njira chifukwa cha nkhalango ya mudzi umodzi. Mitengo ya kwa Chulu kapena kwa Mkanda imalamulira kwambiri zomwe zimachitikira mvula ikafika pansi kusiyana ndi tsiku lomwe ifike.

Mafunso omwe akadali poyera

Loyamba ndi loti, pa tsoka lililonse, gawo la kusintha kwa nyengo ndi lalikulu bwanji? Gulu la akatswiri la World Weather Attribution lidafufuza mvula ya anamondwe a kumayambiriro kwa 2022, kuphatikizapo Ana, n'kupeza kuti kutentha kwa dziko kudaikulitsa, koma lidalephera kunena kuti ndi mlingo wanji chifukwa malo oyezera mvula okhala ndi mbiri yaitali ndi ochepa m'chigawo chino. Gulu lomwelo litafufuza chilala cha 2024 lidati gwero lake lalikulu lidali El Niño, osati kusintha kwa nyengo. Mayankho awiri osiyana ochokera kwa anthu omwewo, ndipo tsoka lotsatira lidzafunanso kafukufuku wakewake.

Kodi El Niño mwiniwakeyo asintha pamene nyanja zikutentha, azibwera pafupipafupi kapena mwamphamvu? Makompyuta olosera nyengo sakugwirizana. Palinso kusinthana kwa kutentha pakati pa kumadzulo ndi kum'mawa kwa Indian Ocean, komwe kudafotokozedwa koyamba mu 1999, ndipo momwe kumalimbanirana kapena kuthandizana ndi El Niño pamwamba pa Malawi akukufufuzabe.

Funso lomwe limandikhudza kwambiri ndi la malire aja. Zolosera zambiri zimati m'tsogolomu kummwera kwa Africa kudzauma ndipo dzinja lizidzayamba mochedwa, pomwe kum'mawa kwa Africa kudzanyowa. Koma ku Kenya ndi Somalia mvula ya Malichi mpaka Meyi yakhala ikuchepa kwa zaka zambiri kuyambira m'ma 1980, mosiyana ndi zomwe makompyuta ankayembekeza, ndipo akatswiri sanamalize kufotokoza chifukwa chake. Ngati m'katikati mwa chigawo muli chikayiko chotere, nanga pamalire? Kodi Kasungu ndi Mchinji adzagwera mbali ya Chitipa kapena ya Balaka? Yankho lake ndi lomwe lingauze mlimi ngati asamukire ku mbewu zocha msanga mpaka kalekale, kapena azisunga mitundu iwiri.

Ganizo la Blanford nalonso silinathe. Akatswiri akufufuzabe ngati kuchepa kwa chipale ku Asia ndi kusungunuka kwa madzi oundana ku Arctic kungasunthe malamba a mvula kufupi ndi pakati pa dziko, popeza lamba uja amakonda kupendekera ku chigawo cha dziko chomwe chikutentha kwambiri, ndipo chakumpoto chikutentha mofulumira kuposa chakummwera. Ngati angapendekere kumpoto, adzafika kwathu mochedwa ndi masiku angati, ndipo adzakhala nthawi yaitali bwanji? Ndipo pa madzi omwe akusowa m'madambo a Rusa ndi Bua mu Ogasiti, ndi angati omwe atengedwa ndi kutentha, angati ndi kagwedwe ka mvula, angati ndi khasu ndi nkhwangwa zathu?